Wigi imene madamu akufuna kuimeta

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, anzanga a kwaya, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, ngakhale kuti lero Lamulungu ndadzuka mtima ukuwawa, sindibisa ayi.

Ndine Tiwonge, ndili Folomu 3. Chaka chatha tsitsi langa linayamba kuthothoka. Poyamba kanali kachigamba kamodzi, kenako zigamba zinadzaza mutu wonse. Ena ankati ndi chipere, ena ankati andimeta afiti. Amama anandipaka adyo mpaka khungu linatuluka matuza. Kuchipatala anati si matenda opatsirana, koma mankhwala ochiza msanga palibe.

Kusukulu kwathu duku salola, chipewa salola, wigi ndiye osayerekeza. Mtsikana aliyense azimeta basi. Ndinameta mpala, zigamba n'kumaonekabe. Anyamata ankakuwa kuti, "Tiwonge, tatembenuka, tione pamene pali chilumba cha Likoma!" Ndinalira, abale anga, ndinalira. Ndinajomba masabata atatu.

Amama anandigulira wigi ya pamsika pa Boma pano kuti ndizivala kunyumba. Kuyabwa kwake! Kutentha kwake! Tsiku limodzi lokha ndinaivula.

Kenako mkulu wanga amene ali ku Joni ananditumizira ina, yaifupi, amati monofilamenti. Pansi pake pali kansalu kopyapyala kuposa neti ya udzudzu, ndipo tsitsi lililonse analimangapo palokhapalokha ndi manja. Mphepo imalowa, siyabwa, ndipo ukapatula tsitsi khungu lako lenileni limaonekera. Ndinabwerera kusukulu, palibe anazindikira. Ndinayambanso kukweza mkono m'kalasi.

Ena mwa inu munandikumbatira panja apo n'kunena kuti, "Wachira mwana, Mulungu ngwamkulu!" Ine ndinangoti yewo. Ndikhululukireni. Sindinachire. Ili si tsitsi langa.

Tsono tamvani zimene zandikwiyitsa. Lachisanu pa asembule madamu oyang'anira ukhondo ankayenda m'mizere ndi sizasi. Anaima pa ine.

"Iwe, tsitsi langomera kumene, mbwenu wayamba kale matama? Lolemba ubwere utameta. Apo ayi ndidzalambula ndekha msewu pakati pamutupo."

Abale anga, taganizani! Chaka chathunthu ndikusekedwa chifukwa chosowa tsitsi, lero ndilangidwe chifukwa lachuluka? Ndikakhala chete, sizasi idutsa, ndipo wigi simeranso. Ndikaulula, lamulo likuti wigi ayi, andilanda. Mayeso atsala masabata awiri. Ndinafunsa Mulungu kuti, kodi mukufuna ndibwerere kunyumba kachiwiri?

Dzulo ndinatsegula kope limene ndimalembamo za tsiku lililonse, ndipo ndinapeza tsamba la masiku ojomba aja. Ndinalembapo kuti, "Sindidzaimanso pamaso pa anthu." Lero si ine ndaima pano? Tsitsi silinamere, koma manyazi aja Ambuye andichotsera. Umboni wanga ndi umenewo.

Mawa sindipita kometetsa. Ndilawirira ku ofesi ya ahedi pamodzi ndi amama, kalata ya kuchipatala ili m'manja. Ndikavula wigiyi ndekha, ndikaiika patebulo pawo, aone mutu wanga mmene ulili, ndipo ndikapempha kuti andilole kulemba mayeso nditavala. Chimene akayankhe sindikudziwa.

Yewo chomene pondimvetsera. Mundipempherere mawa isanakwane seveni koloko yokaonana ndi ahedi, koma panopa imani, muombe m'manja pamodzi ndi ine, pakuti mwana amene ankabisala uja waulula yekha. Aleluya!