Kachilombo Kalibe Pakamwa

Olemekezeka mkulu wa chipatala chino, olemekezeka madokotala ndi anamwino, mayi oyang'anira zoyeza magazi pamodzi ndi anzanu ovala zoyera, amisiri amene mwagumula ndi kumanganso, odwala ndi owasamalira amene mwakhala kumbuyoko pamthunzi, ndi inu mayi akunyumba kwanga amene mwabisala kuseri kwa mzatiwo: landirani moni wanga nonse, aliyense pa mpando wake.

Ndikuthokoza kuti pa tsiku lotsegulira chipinda choyezera magazi mwaika telala wokalamba pa mpando wapamwamba. Ena ndawamva akunong'onezana kuti mkuluyu sanapondepo m'kalasi. N'zoona, sindinapondemo, ndipo sindipepesa. Chipinda mwachipaka utoto woyerachi chinali shopu yanga. Pamene paima firiji paja ndi pamene panali makina anga osokera, ndipo zenera ilo ndi limene linkandiunikira polowetsa ulusi pa singano. Ana anga anati ndapenga pamene ndinachipereka. Lero amve chifukwa chake.

Chaka chatha mayi akunyumba anayamba kufooka, maso achita chikasu. Magazi awo anatumizidwa kutali, tinadikira mpaka mtima kuuma, ndipo yankho litabwera adokotala anati, "Mayi, muli ndi kachilombo m'chiwindi." Anafotokoza zambiri, sindiwanamizira, koma mayiwa anatola liwu limodzi lokha n'kupita nalo kunyumba. Ife chikhalire timadziwa kuti chilombo ndi chinthu cha mano ndi mimba. Chingachepe bwanji, chimadya.

Basi, anasiya kudya.

Ndinkati, "Amayi, tiyi akuzizira."

Iwo amvekere, "Imwani nokha, abambo. Ine sindiweta chilombo. Ndikameza, chikudya ndi icho. Chikhale ndi njala, tione amene ayambe kugonja."

Anthu amanditcha wamakani, koma makaniwo sukulu yake ndinaphunzira kwa mayiwa. Sekani, sekani ndithu, koma ine nthawi imeneyo sindinkaseka. Diresi limene ndinawasokera ndinalibweza m'chiuno, posakhalitsa ndinalibwezanso. Munthu akhoza kukunamiza kuti ali bwino, tepi ya telala sinama. Ndipo nanenso m'maso mwanga ndinkachiona chilombocho chikutafuna.

Tsiku lina mayi oyeza magazi awa anabweretsa gauni lawo long'ambika thumba. Anapeza ndikubwezanso diresi lija, mwini wake atakhala pa benchi, atatsamira khoma. Atamva nkhani yonse sanaseke, sanakalipenso. Anakoka kampando n'kukhala pafupi.

Anati, "Amayi, dzinali ndi limene lakupusitsani. Thupi lanu linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo. Selo lililonse lili ngati shopu ino: muli makina, muli nsalu, muli ulusi, mulinso telala wake. Limadya, limataya zinyalala, limakula, ndipo likakhwima limadzigawa pawiri lokha. Chimenecho ndiye chamoyo. Koma vayirasi, amene timamutcha kachilomboyu, alibe zonsezo. Ndi pateni chabe yokulungidwa m'kajekete. Akakhala panja sadya, sakula, sabereka, angokhala ngati batani logwera pansi."

Ine ndinati, "Nanga batani lingadwalitse munthu?" Pajatu sindivomera chinthu msanga.

Anati, "Bambo, yerekezani munthu wafika pakhomo panu, alibe makina, alibe nsalu, kusoka sadziwa. Koma chitseko chanu chamuyenera, chifukwa vayirasi aliyense ali ndi khomo lake limene amalowera. Uyu lake ndi la m'chiwindi. Walowa, wavula kajekete, wasiya pateni yake pa tebulo. Inu mwaitola ngati oda wamba, mwayamba kudula nsalu yanu, kusoka ndi ulusi wanu. Chimene mukusokacho n'chiyani? Anzake a iye yemweyo, pateni ndi kajekete, ambirimbiri. Atuluka, alowa m'mashopu oyandikana nawo, nakonso chimodzimodzi. Thupi likazindikira limayamba kugwetsa mashopu ogwidwawo, ndipo kudwala kumachokera pamenepo."

Mayi akunyumba anadzuka pa khoma paja. "Ndiye mukuti kalibe pakamwa?"

"Kalibe pakamwa, amayi, kalibenso mimba."

"Nanga njala yonseyi ndimakhaulitsa ndani?"

"Telala wanu yemwe."

Mayi oyeza magaziwo ankanena atelala a m'thupi aja. Koma mayi akunyumba anatembenuka n'kundiyang'ana ine, diresi lawo lili m'manja mwanga, mapini ali pakamwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, monga ankachitira tili achinyamata. Kenako anati, "Abambo, buledi uja munamaliza?"

Olemekezeka nonse, pa moyo wanga ndathamangapo, koma osati ngati mmene ndinathamangira ku golosale tsiku limenelo.

Fanizolo ndikanalipeza ndekha akanandipatsa nthawi, koma ulemu upite kwa mwini wake. Mayi oyeza magazi, munandibwezera mkazi wanga pa mbale, ndipo thumba la gauni lanu lizisokedwa ulere mpaka ndidzafe.

Tsopano amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Si poizoni wa makoswe ayi, pakuti chopanda pakamwa sungachithirire poizoni. Ntchito yake ndi kuimitsa makina a m'selo pamene ayamba kusoka pateni yachilendo ija. Koma kuti tidziwe ngati kusokako kwachepa, pafunika kuwerenga tizilomboto m'magazi, ndipo kuwerengako n'kumene kunkachitikira kutali. Ndinaganiza ndekha kuti maso anga atha, singano ikundithawa, chipinda chingokhala. Bwanji chisagwire ntchito imeneyi?

Pempho langa ndi limodzi, inu ovala zoyera. Dzina ili la kachilombo ine ndimalikanabe. Ndinapempha kuti lisinthidwe, anandiuza kuti linakhazikika kale. Chabwino. Koma mukalitchula kwa munthu, musamusiye atuluke nalo lokha, chifukwa amakagona nalo, amakadzuka nalo, ndipo mantha amalimeretsa mano. Khalani naye pansi, mumufunse chimene wamva.

Andiuza kuti magazi oyamba kulowa m'makina atsopanowa ndi a mayi akunyumba, lero lomwe, mwambo ukatha. Chimene makinawo anene sindikuchidziwa, ndipo mtima ukugunda, sindibisa. Koma chingakhale chotani, tichimvera pano, tili awiri, titadya.

Sizasi mwandikonzerayi ndaiona, ndi yobuntha, ingatafune riboni. Ndabwera ndi yanga. Amayi, tabwerani kuno, mundigwirire mbali iyi. Pang'onopang'ono, anthu adikira.

Ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti chipinda choyezera magazi chino tsopano chatsegulidwa, ndipo ntchito iyambike.

Zikomo kwambiri.