Mayi Zuhura Sidik, Amene Akuti Sanasiye Mwana

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1968 kwa Kawinga, m'boma la Machinga, m'banja la a Sidik ndi mayi Habiba. Ine ndikuwerenga ndine Bilali, mwana wa mng'ono wawo. A Shehe andipempha kuti ndifupikitse poti jeneza lonyamulira maliro likudikira, ndipo ndiyesetsa.

Anayamba sukulu mu 1976 n'kulekera Sitandade 4, kuti azilera abale awo. Mu 1987 anakwatiwa ndi a Twaibu a ku Balaka. Banjalo linatha mu 1996 chifukwa mphatso ya mwana sinabwere, ndipo mlandu wonse anasenzetsedwa iwo okha.

Mu 1997 anakhazikika kuno kwa Nselema n'kutsegula dimba kumunsi kwa msika. Anakumba chitsime okha. Ankafesa mpungabwi, chidede ndi chammwamba m'timapepala ta shuga. Njere ankasunga m'mabotolo a phulusa kuti zisafumbwe, ndipo mbande ankazithirira pomwaza madzi ndi zala, poopa kuzula mizu yanthete.

Chaka chomwecho amayi a pamsika anayamba kuwasiyira makanda. Malemu ankachapa matewera, kuwawiritsa, kuwayanika pampanda wa nazale ya mbande zawo. Mwana akasupuka, ankadziwa chochita mayi wake asanabwere kumsika. Enanu mwakhala pamenepa ndi ndevu zanu munasinthidwa thewera ndi manja amene tawakulunga mu sanda lerowa. Inenso ndine mmodzi.

Cha m'ma 2016 mapampasi anachuluka. Tonse tikudziwa zimene timakhulupirira kuno, kuti ukawotcha pampasi mwana amatuluka zilonda kumatako. Ndiye m'malo mowotcha, anthu anayamba kutaya mumkhwawa umene umatsikira kudimba la malemu. Mvula ikagwa, zonse zinkathera m'chitsime chawo. Malemu sananenepo kuti muziwotcha, iyayi. Anangopempha dzenje limodzi lokwiriramo. Pa msonkhano wa pamsika mu 2021 anayankhidwa pagulu kuti za ana sangazidziwe poti sanabereke. Anthu anaseka. Ndinalipo. Sinditchula maina, eni ake akundimva.

Kuyambira pamenepo ankavuula okha mapampasiwo m'chitsime ndi manja, n'kumakwirira kumapeto kwa dimba. Mu Novembala 2024 anayamba kukumba dzenje lalikulu loti tonse tizitayamo. Palibe anabwera ndi khasu. Linafika m'chiuno.

Pa 11 Januwale 2025, itagwa mvula yamphamvu, anayamba kutsekula m'mimba ndi kusanza. Tinathamangira nawo kuchipatala, kumene anatiuza kuti gwero lake ndi madzi oipa. Anatisiya dzulo, pa 13 Januwale, dzuwa likupendeka. Imfa ndi ya Allah, sitikutsutsa. Koma zimene zinali m'chitsime muja sanatayemo Allah.

Akuluakulu a banja andiuza kuti pofika apa ndinene kuti malemu sanasiye mwana. Ndikupepesa, amalume, pakamwa panga pakukana. Malemu asiya mng'ono wawo mayi Rashida, mlongo wawo a Zubairu, ndi ana onse amene anawaberekapo kumsana, kuyambira ife a ndevu mpaka kakhanda ka a Ramla kamene anakasintha thewera Lachisanu lapitali. Ngati sanali mayi, ndiye ife tinaleredwa ndi ndani?

Tikuthokoza a Shehe ndi onse a kumzikiti, amayi amene asambitsa thupi, anamwino amene anayesetsa, a Sufiyani amene anatinyamula pa njinga yamoto matope ali m'mawondo, ndi anyamata amene akumba manda m'mawa uno. Anyamata inu, makasuwo musabweze kaye. Tikachoka kumanda pali dzenje lina kudimba limene mayi athu analisiya m'chiuno, ndipo mbande zawo sizinalawe madzi oyera chigonekereni iwo kuchipatala.

Allah awakhululukire zolakwa zawo, awakulitsire manda awo, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.