Chibuku Chophunzitsa Kuganiza

Pa siteji ya basi mumzinda wa Leeuwarden, mphunzitsi Tjitske anakumbatira chibuku chonenepa kuti chisanyowe ndi mvula. Bambo wina wachikulire anachiyang'anitsitsa.

"Mayi, limeneli ndi Baibulo?"

"Ayi bambo, ndi maphunziro atsopano. Akuti tiziphunzitsa ana kuganiza paokha."

"Nanga chakuliranji chonchi?"

"Alembamo zonse: zoti ndinene ine, zoti ana ayankhe, ngakhale mphindi zoti aganize. Zitatu basi."

"Ndiye anawo ayamba kuganiza?"

"Mmodzi anayamba dzulo. Anandifunsa kuti, 'Ngati mayankho analembedwa kale, ife tikuganiza chiyani?'"

"Ameneyo ndiye wakhoza!"

"Walephera, bambo, ndipo makolo ake ndawalembera kalata. Phunziro la kufunsa mafunso lili pa sabata yachisanu. Ife tidakali pa yachiwiri."