Umboni wa Elifala Samueli pa kumenyedwa kwa a Langton pa nyumba ya a Benjamini

Ine, Elifala Samueli, wa zaka 43, wa m'mudzi mwa Chimwaza ku Bowe, boma la Dowa, ndine mmisiri womanga nyumba. Sukulu ndinalekezera sitandade 4.

Mu Julayi 1996 a Benjamini, mlimi wa fodya, anandilemba ntchito yopaka pulasitala nyumba yawo yatsopano ku Mponela. Mawaya anali atayalidwa kale ndi a Langton, amisiri a magetsi. M'makoma ndinapezamo mabowo asanu ndi limodzi, m'munsi, otsekedwa ndi nyuzipepala. Nyumba ya magetsi ndinali ndisanagwirepo. Ndinaganiza kuti ndi moboola makoswe. Ndinafuna kufunsa, koma a Benjamini sakonda mafunso. Ndinamata mabowo onse.

Lachiwiri pa 13 Ogasiti, cha m'ma 10 koloko m'mawa, kunabwera bambo woyendera mawaya. Anazungulira nyumba yonse, nati salumikiza magetsi chifukwa mulibe soketi ngakhale imodzi, komanso chitsulo cha waya wopita pansi sichinakhomedwe. Chinali chili pakhonde. Anakwera njinga yamoto n'kupita.

A Langton anafika 11 koloko itangokwana. Ine ndinali pa makwerero, mayadi anayi kuchokera pakhomo. Anavomera za chitsulocho, koma anati mabokosi a soketi anaika, asanu ndi limodzi. A Benjamini anati, "Alozeni, achimwene. Kapena khoma ladya?"

A Langton anapapasa khoma, kenaka anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana chidebe cha matope.

A Benjamini anatola chitsulo chija, chotalika ngati mpini wa khasu. Anawamenya pamsana kawiri. A Langton atatchinga kumutu, chachitatu chinagwera padzanja lamanja. Ndinamva fupa kuthyoka. Anagwa, ndipo anapondedwa m'nthiti ndi jombo. Magazi anatuluka m'kamwa. Ndinawerenga kupondako mpaka kasanu. Sindinatsike pa makwerero.

Amayi ogulitsa tomato pamsewu ndiwo analeretsa. A Langton tinawanyamula pa ngolo. Kuchipatala anati zala ziwiri sizidzapindikanso.

Lero m'mawa, a Benjamini atatengedwa ndi apolisi, ndinapita kunyumbako ndi nyundo. Ndinagumula pulasitala malo asanu ndi limodzi. Mabokosi onse alimo, mawaya ali bwinobwino. Ndasiya pomwepo osasesa kuti mukaone. Palibe amene wandituma kubwera kuno. Ndikupempha kuti a Benjamini akamauzidwa zimenezi, ine ndisakhalepo.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi basi.

Wosaina: Elifala Samueli
14 Ogasiti 1996