Ba Oswell Mutale, Mlaliki wa Yeriko ndi Babele

Moni nonse, abale ndi alongo mwa Ambuye. Tikuthokoza Mulungu wotisunga, tikuthokozanso inu amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe. Ine ndine Reuben, mng'ono wawo wa malemu.

Ba Oswell Mutale anabadwa mu 1959 ku Kabwata, makolo athu atangofika kuchokera ku Luapula. Sukulu anayambira komweko, kenako anachita maphunziro a zamankhwala. Mu 1986 anakwatira mayi Emmy Ng'andu, amene anatsogola kale. Malemu anagwira ntchito yopereka mankhwala m'zipatala za boma, ndipo atapuma anatsegula kasitolo ka mankhwala pafupi ndi msika wa Chelstone, akulera mdzukulu wawo wamasiye, Yande.

Amene munagulapo pamenepo mukudziwa kuti kapisozi aliyense ankabwera ndi ulaliki wake. Ankati mankhwala opha mabakiteriya ali ndi mabanja. Banja la penisilini, mmene muli amokisilini, ankalitcha la Yeriko, chifukwa limagwetsa linga la kachilombo. Banja la azithromaisini ankalitcha la Babele: siligwetsa kanthu, limangosokoneza amisiri m'kati, ntchito n'kuima, kachilombo n'kuleka kuswana. Ankavomera kuti la Babele limasautsa m'mimba, koma ndilo pothawira munthu amene thupi lake limadana ndi penisilini. Wodwala chimfine chabe ankamubweza chimanjamanja, ati Yoswa sangazungulire mudzi wopanda linga.

Kumpingo wa Adventist anali mkulu, komanso woimba besi amene nthawi zambiri ankafika pa Ameni kwaya yonse isanafike.

Chaka chatha mtima unayamba kuwavuta. Kuchipatala ankaimba nyimbo zachitsitsimutso n'kumafunsa anamwino mayeso a zamankhwala. Imfa sankaiopa. Nkhawa yawo inali Yande. Ali ndi zaka zinayi, mwanayu anamwa amokisilini, nkhope n'kutupa, mpweya n'kubanika, ndipo anapulumuka mwa chisomo. Malemu ankadziwa kuti ife a kwa Mutale timasunga makapisozi otsala m'kabati, mwana akatsokomola timangotsegula. Ankadziwanso kuti sitinagwirizanebe nyumba imene Yande akakhale. Choncho anandilumbiritsa kuti ndinene izi pano, poti ati pamaliro pokha ndi pamene mtundu wathu umafika wonse.

Ba aunti a ku Woodlands, ba aunti a ku Kaunda Square, aphunzitsi ake, amayi a gulu la Dorika kumpingo, tamverani: Yande asamwe penisilini kapena amokisilini. Akadwala, pitani naye kuchipatala, ndipo muwauze adokotala zimenezi asanalembe chilichonse. Achimwene, ndanena, ndipo onse amva.

Anagona mwa Ambuye Lachiwiri lapitali. Asiya ana aakazi awiri, Kayla ndi Chantelle, adzukulu asanu, alongo atatu, ndi ine mng'ono wawo.

Apumule mu mtendere mpaka m'mawa wa kuuka. Inu nonse, Yehova akudalitseni, akusungeni, ndipo adalitse khomo limene Yande adzalowe.