Chiphaso Chili kwa Yesu

Lachiwiri m'mawa, tsiku limene feteleza wotsika mtengo anafika ku Namitambo, a Davide, dikoni wa tchalitchi china chakufupi ndi Mbombwe, anatsegula kachitini kawo kuti atenge chiphaso cha unzika, popeza popanda icho ngakhale ulire magazi thumba sakupatsa. M'kapulasitiki mmene ankakulungamo chiphasocho anapezamo chidutswa cha katoni ya sopo, uku akazi awo, a Enelesi, ali phee pakhonde kusankha nandolo m'lichero.

"Mayi a Mtisunge! Chiphaso changa chili kuti?"

"Chili kwa Yesu."

"Sindikuseka ine. Zaka zitatu dzina langa lakhala likudumphidwa, chaka chino latuluka. Chili kuti?"

"Ndati kwa Yesu, bambo a Mtisunge. Chinapita Lamulungu."

A Davide anatuluka, katoni ili m'manja. "Chinapita bwanji? Chili ndi miyendo?"

"Pa dengu. Simunamve abusa? Anati aliyense alembe chimene chimamusowetsa tulo, aponye m'dengu, chiwotchedwe, za mawa tisiyire mwini mawa."

"Eya, anati alembe! Kulemba!"

"Nanga ine ndimalemba? Kwathu sukulu anatumiza alongo anga, ine ananditumiza kuchitsime. Ndinakukodolani kuti mundilembere, inu munandigwedezera dzanja kuti muli pa ntchito ya Ambuye."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinaponya chenichenicho. Ndinachikulunga bwinobwino m'pepala la shuga."

"Mayo ine! Chiphaso chimakusowetsani tulo inu? N'chanu?"

"Katatu pa usiku umodzi mumandiponda mwendo kukapapasa kachitini. Tambala woyamba, kachitini. Galu akauwa, kachitini. Mwendo ndi wanga, tulo ndi tanga."

"Nanga katoniyi?"

"Ndinaikamo kuti dzanja lanu lizipeza chogwira. Taonani, masiku awiri mwagona ngati khanda, chikhulupiriro chanu chonse chili pa katoni ya sopo."

A Davide anavula chipewa, n'kuchivalanso. "Mayi, chimanga sichimera ndi aleluya."

"Koma munali inu patsogolo paja, kufuula kuti mbalame sizilima koma zimadya."

"Zimadya mapira athu! Mbalame ili ndi mdzukulu wa sukulu? Mbalame imaima pamzere?"

"Zimenezo simunanene Lamulungu."

"Ulaliki ndi ulaliki, feteleza ndi feteleza!"

"Oho. Ndiye mukanalengeza kuti zina tikunenazi n'za m'tchalitchi mommuno, musapite nazo kunyumba."

"Imirirani! Valani nsalu, tipite kwa abusa mukafotokoze nokha. Kenako ku Boma, mukawauze kuti munawotcha nkhope ya mwamuna wanu."

A Enelesi anachotsa kamwala m'nandolo, n'kukaponyera nkhuku. "Ine sindinawotche kanthu. Dengu munanyamula ndinu. Machesi munapempha ndinu. Munapita kuseri kwa tchalitchi nokha, utsi tonse tinauona, mpaka a Asumani, amene anatembenuka chaka chathachi, analira misozi."

Apa nkhope ya a Davide inayamba kuwala pang'onopang'ono ngati ya munthu amene wakumbukira pamene anakwirira mbatata. Anasuzumira kumsewu, n'kutsitsa mawu.

"Mayi a Mtisunge, kodi mungasunge chinsinsi?"

"Ndasunga inu zaka makumi atatu."

"Utsi uja unali wa masamba ouma a nthochi."

"Aaa! Nthochi nazonso zinali ndi nkhawa?"

"Tamverani! Mapepala sindinawotche. Ndinawathira m'thumba."

"Chifukwa?"

"Mapepala abwinobwino, kumbuyo kosalemba! Mawa angadzafunike."

"Mawa."

"Eya, mawa! Komanso tangoganizani, Mulungu akadzayankha, tidzadziwa bwanji kuti wayankha ziti, zatsala ziti? Pamafunika umboni."

"Ndiye Mulungu anakulembani ntchito ya ukalaliki."

"Musandinyoze. Kusamala kwangaku ndi kumene kwapulumutsa chiphaso. Mukanakwatiwa ndi dikoni wopupuluma, bwenzi pano tikulira phulusa."

Analowa m'khitchini chifuwa chili patsogolo. Panamveka mpando ukukokedwa, chiwaya chikugwa, kenako kutsokomola kwa munthu amene mwaye wamulowa m'mphuno.

"Mayi a Mtisunge! Thumba linali kutsindwi kuno lili kuti?"

"La mapepala lija? Ndinapatsa a Dainess dzulo."

"A Dainess ati?"

"Alipo angati? Ogulitsa zitumbuwa ku Namitambo. Amadandaula kuti nyuzi zokulungira zikusowa."

A Davide anatulukira pakhomo, mwaye uli m'nsidze. "Munapereka nkhawa za mpingo wonse kuti azikulungira zitumbuwa?"

"Ine ndinaona mapepala. Ndakuuzani kale, sindiwerenga."

"Muli pepala la amayi abusa mmenemo! Muli la msungichuma! Ena analemba ndi maina omwe!"

"Mwadziwa bwanji? Munawerenga?"

"Ndinangoona... pothira m'thumba maso satsinzina!"

"Oho."

"Ndipo lero Mbombwe yense ali pamzere wa feteleza, njala ikawapweteka agula chiyani?"

"Zitumbuwa. Za a Dainess zimakoma, saumira nthochi."

A Davide anathamangira njinga, n'kupeza tayala laphwa. Anaigwetsa, n'kugwira m'mutu. "Chiphaso changa chikulungidwa ndi chitumbuwa! Wina achiluma!"

"Ayi, pulasitiki sakulungira." A Enelesi anaika lichero pansi, anamasula mfundo ya pansonga ya nsalu yawo mosafulumira, n'kutulutsa chiphaso chonyezimira mafuta. "Anabweza dzulo lomwelo. Anati nkhope yanu ikuthawitsa ogula."

A Davide anachilanda, anachipukuta pa malaya, anachiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. Mwadzidzidzi anaima chilili.

"Dikirani. Ndiye kuti munadziwa kuyambira dzulo kuti sindinawotche?"

"A Dainess anafika Sitandade 8. Anandiwerengera awiri atatu tili pachitsime."

"Pachitsime! Panali ndani?"

"Amayi ochepa. Mwina khumi ndi awiri."

"Nanga bwanji mwandizunza m'mawa wonse kuti chili kwa Yesu?"

"Ine ndinapereka kwa Yesu. Kuti chinathera kutsindwi kwa khitchini yanga, ndimafuna ndimve kwa amene anatumidwa kukapereka."

A Davide anakhala pansi pafupi ndi lichero, nkhuku n'kuwazungulira.

"Ndiye a Asumani adziwa kuti analirira masamba a nthochi."

"Adziwa kale. Akazi awo ndi amene anatunga oyamba."

"Abusa?"

"Akuti mawa madikoni onse akumane. Ati mubwere ndi dengu."

"Mayo! Nanga lero ndikaima bwanji pamzere, aliyense akutafuna uku akuwerenga? Nanga mawa ndikanena chiyani? Andichotsa udikoni, mayi. Andikhazika kumbuyo ndi ana a Sande sukulu. Ine lero sindigona!"

A Enelesi anatola katoni ya sopo ija, anaitembenuza kumene kunali kosalemba, n'kuiika pa bondo la amuna awo.

"Za mawa zisakusowetseni tulo, adikoni. Lembani apa. Koma machesi ndigwira ine."