Matayala Ophwa Anatsala Pang'ono Kundithetsera Banja

Muli bwanji omvera anzanga? Ndine mayi wa ana anayi kuno ku Mnkhanya, ndipo ndalemba kuti ndiyamike Mulungu poyera.

Amuna anga amanyamula masamba pa galimoto yathu yakale kukagulitsa ku Mfuwe. Chilimwe chathachi, petulo amene ankakwanira maulendo atatu anayamba kuthera pa awiri. Ine mumtima ndinati basi, bambowa ali ndi kwina kumene amakhotera. Ndinasiya kuwalankhula, mpaka ndinaitanitsa ankhoswe.

Tsiku lokambirana lisanafike, makaniko wina wa kutchalitchi kwathu anadzera pakhomo. Nditamudandaulira za petuloyo, anaponda tayala la galimotoyo ndi phazi, n'kuseka.

"Amayi, mkazi mnzanu ndi ameneyu! Galimotoyi ikuvutika ngati munthu woyenda m'matope."

Kani amuna anga amaphwetsako matayala kuti awoloke mchenga wa mumtsinje wa Lupande. Pampu yawo itawonongeka, ankangopitirira choncho ngakhale pa msewu wa tala. Atawapopa bwino, petulo anayambanso kukwanira.

Ndinagwada n'kupepesa, manyazi atandigwira. Iwo anangoti, "Amake mwana, ndi imvi zangazi angandifune ndani?"

Ndinaseka misozi ikutsika. Ambuye amudalitse makaniko uja, ankhoswe anangodzamwa tiyi n'kubwerera.